Mitengo Imene Ndinadzala Pabwalo la Agwape

Takondwa, siya kuseka majombo angawo. Ndakuona kalekale ukugunyuza mnzako ndi chigongono. Inde ndi aakulu, inde akununkha matope, koma mawa pofika masana nonse atatu mudzakhala mukuwasirira, tinsapato tanu toyerato titanyowa mpaka m'masokosi. Iwe Chisomo, foniyo ika chafufumimba patebulo. Mphatso, sendera kuno, sindiluma. Pali nkhani yoti muimve lero, chifukwa mawa tikakafika kunkhalango ya ku Cannock mai Maureen akakuuzani okha, ndipo iwo amaithira mchere wambiri. Ndi bwino muimve kwa mwini mlandu.

Mawa ndi tsiku limene ife ogwira ntchito yongodzipereka timaloledwa kubwera ndi ana ndi zidzukulu. Ndalidikira chaka chathunthu. Kuyambira Lolemba ndikungoyendayenda m'nyumba muno, mpaka agogo anu aakazi andifunsa ngati ndakhalira nyerere. Mukaona agwape, ana inu. Osati a pa TV, koma amoyo, otulutsa nthunzi m'mphuno.

Inu mumandidziwa ngati agogo a tiyi wa shuga atatu, ogona mpira usanathe. Koma ine Kamwendo ndinali mlonda wa nkhalango ku Dedza zaka makumi awiri ndi kanthu. Ndinali ndi yunifomu ya kaki, chipewa chopendekera ndi wenzulo. Azimayi okatola nkhuni akamva wenzulo ameneyo ankataya mitolo n'kuthawa, ena kusiya ndi nsalu zomwe. Ootcha makala ankandidziwa ndi mayendedwe ndili kutali. Nyengo ya dzuwa tinkadzaza dothi m'machubu ku nazale, kufesa paini, kuthirira m'mawa ndi madzulo ndi kheni. Mvula ikagwa mu Disembala tinkasenza mbande pamutu kukwera nazo phiri, chingwe kutsogolo, dzenje ndi dzenje pamzere woongoka. Lamulo langa linali limodzi, ndipo ndinkaliimba ngati nyimbo ya kutchalitchi: mtengo sadula, mtengo amadzala.

Kuti mudziwe mmene mutu wanga unaumira, mverani ichi. Tsiku lina ndinamva nkhwangwa ikulira kuseri kwa thanthwe. Ndinanyang'ama, n'kupeza kuti wodulayo ndi alamu anga a Fulatiyele, mchimwene wawo wa agogo anu aakaziwa, amene anandiperekeza okha pokafunsira mbeta. Ankafuna milimo ya denga la khitchini. Anandiona n'kuseka, amvekere, "Alamu, ndi inu? Ndimayesa ndi mlonda." Ine ndinati, "Ndi mlonda amene." Ndinalanda nkhwangwa, ndipo ndinawaimika pamaso pa anthu ku ofesi kuti anene ndi pakamwa pawo zimene anachita. Kunyumba ndinadya ndiwo zopanda mchere mwezi wathunthu. Agogo anu ali kukhitchiniko, kawafunseni ngati ndikunama.

Koma ndisanavale kaki ndinali mnyamata wa agalu. Ichi muchisunge, chibweranso kutsogoloku. Mwezi wa Okutobala, tchire likapsa, tinkapita ku uzimba ndi zibonga ndi mauta. Masuku m'thumba, chinangwa chootcha m'manja, tsiku lonse osabwerera kumudzi. Inu mukayenda kuchoka pano kufika pokwerera basi mumati mwatopa. Ife tinkathamanga ndi gwape mpaka iye kutopa. Ndipo tinkadziwa komupeza: m'mphepete mwa dambo, kapena pa lupsa pamene msipu wanthete wayamba kuphuka. Nyama imeneyo tinkagawana mwamwambo, wolasa mwendo wake, mwini galu wake, ana matumbo. Ndadya agwape ambiri, sindingabise, ndipo mwina ntchito ndikugwira leroyi ndi kupepesa.

Kuno ndinabwera motsatira agogo anu aakazi. Iwo anatsogola kudzagwira unamwino m'chipatala, ine ndinafika pambuyo ndi amai anu, a Linesi, ali kamtsikana kolira ndi kuzizira. Mu sutikesi yanga munali zovala zochepa ndi khasu lopanda mpini. Musandifunse chifukwa chake. Munthu wa ku Dedza kuyenda ulendo wautali wopanda khasu amamva ngati wayenda maliseche. Ntchito ndinaipeza m'weyahausi ina ku Bilston, kunyamula makatoni, kumata makatoni, kuwerenga makatoni. Munthu amene ndinkadziwa mtengo uliwonse ndi dzina ndinatha zaka zonsezo ndisanagwire dothi.

Pamene ndinali pantchito zinkapiririka, chifukwa wotopa saganiza. Vuto linadza nditapuma. Nyumba za kuno ku Whitmore Reans mukuziona nokha, zogundana ngati mano, kuseri kabwalo ka simenti koti mbuzi singatembenuke. Ndinkadzuka, kukhala pawindo, kuona magalimoto. Ndinadziwa nthawi imene wa makalata amadutsa, ndinadziwa galu wa nyumba iliyonse. Miyendo inayamba kutupa, shuga anakwera, ndipo ndinayamba kukalipa popanda chifukwa. Iwe Takondwa unali wamng'ono, koma mwina ukukumbukira kuti unkaopa kulowa pabalaza ine ndilipo.

Tsiku lina ndinatsitsa sutikesi ija pamwamba pa wadiropu n'kuyamba kupinda malaya.

"Abambo a Linesi, ulendo wa kuti?" anafunsa agogo anu.

Ndinati, "Kwathu. Ndikafere kumene kuli mitengo."

"Ine zidzukulu zanga sindizisiya. Mukapita, mupita nokha."

"Ndipita ndekha."

Sitinakangane, ndipo ndicho chinali choopsa. Sutikesi inakhala pakona pachipinda, yotsekula, yodzaza theka. Tinagwirizana kuti ndidikire kuzizira kuthe, Epulo akafika ndinyamuke. Banja la zaka zonsezo linali pafupi kugawanika pakati, wina kuno wina uko.

Amene anandivuula ndi a Tembo, aja amaimba besi kutchalitchi, a ku Chipata ku Zambia, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Ataona nkhope yanga Lamulungu lina anati, "Amdala, manje muzingokhala so m'nyumba? Ine pa ofu yanga Lachitatu nimayenda kuvolontiya kuthengo, ku Cannock. Tikonza malo ya agwape. Kulibe malipiro, koma kuli mitengo na mphepo. Tiyeni mukaoneko."

Nditamva mawu oti mitengo, makutu anaima. Lachiwiri lonse ndinakhalira kusema mpini wa khasu langa, kunola, kukhomera. Lachitatu ndinadzuka a Tembo asanaimbe belu, nditavala chipewa changa chakale chopendekera chija. M'galimoto ndinkawalongosolera za kutalikirana kwa maenje, iwo n'kumangomwetulira.

Ana inu, malo amenewo! Ndi dziko la boma, lotsekukira aliyense, ndipo silitha ndi maso. Uku nkhalango, uku chigwa, uku chipululu cha tizitsamba tofika m'mawondo. Nditangotsika m'galimoto fungo la paini wonyowa linandimenya, ndipo ndinaima ngati ndaitanidwa dzina. Tisanayende patali a Tembo anandigwira mkono. Patsogolo pathu, m'nkhungu, panaima gwape wamphongo. Agwape a kwathu ndi ofanana ndi mbuzi. Uyu anali ngati bulu, khosi lamanyenje, pamutu nyanga za nthambinthambi ngati wasenza mtolo wa nkhuni. Anatiyang'ana mopanda mantha, kenako anatembenuka mwaulemu n'kulowa m'mitengo.

Gululo linali la anthu khumi ndi angapo, ambiri okalamba ngati ine, ndipo wotsogolera anali mai Maureen, mzimayi wamfupi wa imvi amene kale ankagwira ntchito ku positi ofesi. Anandilandira bwino, khasu langa analizunguliza m'manja n'kuliyamikira. Kenako anandipatsa magolovesi ndi chisizasi chachikulu cha zogwirira zazitali, n'kuloza dera lonse limene munamera timitengo ta makungwa oyera ndi tiana ta paini, tokongola, tathanzi, tina tofika m'chiuno tina m'mapewa.

Anati, "Timitengo tonseti tichoke. Tating'ono zulani, tokulirapo dulani."

Ndinayang'ana a Tembo. A Tembo anayang'ana kumwamba.

Musaganize kuti sanandifotokozere. Anafotokoza bwinobwino, ndipo Chingerezi chawo ndinachimva chonse. Anati mitengo imeneyi imamera yokha mwaliwiro, ikakula imatseka dzuwa, udzu ndi tizitsamba timafa, agwape amasowa chakudya n'kuyamba kuoloka msewu waukulu kukafuna msipu kutsidya, kumene magalimoto amawagunda. Ndinagwedeza mutu n'kuti, "Inde, inde," monga timachitira a kwathu pamaso pa mwini malo. Koma mumtima ndinkati, mayi wa masitampa andiphunzitse ine za nkhalango? Dziko lanji limene osamalira chilengedwe amadula mitengo? Ndinaganiza kuti anthuwa mitengo yawakwana, sanaonepo phiri litameta mpala, sanaonepo mtsinje utauma. Ndinazula tsiku limenelo, koma kamtengo kalikonse kankandipweteka ngati ndikuzula dzino langa.

Komabe ndinabwerera kunyumba ndi njala imene ndinali ndisanaimve zaka zambiri. Ndinadya, ndinagona, m'mawa ndinadzuka ndikuimba. Lachitatu linasanduka Khirisimasi yanga ya mlungu ndi mlungu. Nthawi ya tiyi tinkakhala pazitsa, aliyense ndi fulasiki yake, ine n'kumawagawira zitumbuwa za agogo anu, iwo n'kumandipatsa mabisiketi olimba ngati matabwa. Ndinawasonyeza kuwerenga mapazi a nyama pamatope: uyu wadutsa m'mawa uno, uyu ndi wamkazi, uyu akutsimphina. Ankandizungulira ngati ana a sukulu. Kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dziko lino, zimene ndimadziwa zinali ndi ntchito.

Tsono apa ndi pamene ine agogo anu aamuna ndinachita uchitsiru. Chisomo, usayambe kuseka ndisananene.

Mlungu wachitatu ndinaona kamtengo kena katazulidwa bwino, mizu yonse ili yamoyo, katatayidwa pamulu woti kaume. Dzanja linapita lokha. Ndinakabisa pansi pa jekete. Nthawi ya tiyi ndinati ndikukadzithandiza, n'kutenga khasu langa kulowera kuseri kwa kachitunda. Kumeneko ndinapeza chidikha chachikulu, choyera, chopanda mtengo ngakhale umodzi, udzu wokhawokha wamfupi. Chinandimvetsa chisoni ngati mwana wamasiye. Ndinakumba dzenje, ndinadzala, ndinaponda ndi chidendene, ndinakonza kabeseni kosunga madzi, ndinaphimbira ndi udzu. Mtima unati myaa.

Mlungu wotsatira ndinapulumutsa mitengo isanu. Kenako khumi. Ndinayamba kubwera ndi chikwama chachikulu ndi chingwe m'thumba, chifukwa munthu wa nazale sadzala mwachisawawa. Anzanga anayamba kundidera nkhawa chifukwa cha maulendo anga a kuthengowo. Bambo wina anandikokera pambali n'kundilangiza mwaulemu kuti ndikaonane ndi dokotala za chikhodzodzo. Ine ndinathokoza. Nyengo yonse yozizira ndinakhala munthu wa ntchito ziwiri, m'mawa kuzula, masana kudzala, ndipo ndinkanyada kuti ndikukonza zimene eni dziko akuononga.

Epulo anafika. Za ulendo wa ku Dedza palibe anazitchula, ngakhale sutikesi inali pakona pomwepo. Ndipo mitengo yanga inagwira, pafupifupi yonse. Dzanja langa silinaiwale. Inatulutsa timasamba tobiriwira, mizere isanu ndi umodzi yoongoka ngati asilikali pa pelete.

Lachitatu lina tinapeza mai Maureen ataima ndi woyang'anira nkhalango, wa yunifomu, nkhope zonse zili gwa. Anatitsogolera kuseri kwa kachitunda kaja. Ine ndinkayenda kumbuyo.

Mai Maureen anati, "Malo ano ndi bwalo la agwape. Tinawalambula ndi manja nyengo zozizira zitatu, ena amene tinkagwira nawo anamwalira. Tsopano wina wabwezeramo mitengo. Sindikudziwa ngati ndi chipongwe kapena ndi munthu wodana ndi ntchito yathu." Ndinaona kuti akulimbana ndi misozi. Wa yunifomuyo anawonjeza kuti ntchito ya gulu lathu iima kaye mpaka adziwe amene akuchita zimenezi.

Palibe anandiyang'ana. Ndi a Tembo okha amene anagwada, n'kupisa chala m'kabeseni kamodzi, n'kuona mmene dothi linadulidwira m'mbali. Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Kenako anati, "Amdala, fosholo ya muzungu sikumba so. Ija ni khasu. Manje mu England yonse, wamene ayenda na khasu kuthengo ni ndani?"

Ndinati, "Yendetsani galimoto, a Tembo."

"Ine sinizakamba. Koma mukambe mweka."

Nditafika kunyumba ndinapita molunjika kuchipinda n'kuyamba kudzaza theka lotsala la sutikesi. Manyazi, ana inu, amalemera kuposa thumba la chimanga. Ndinaona kuti kuli bwino ndikwere ndege kusiyana ndi kuima pamaso pa anthu amene ankandipatsa ulemu n'kunena kuti wachipongwe uja ndine. Agogo anu anaima pakhomo, manja m'chiuno, ndipo ndinawafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti andimvera chisoni. Iwo anaseka mpaka kukhala pabedi, n'kupukuta misozi ndi nsalu. Atatha kuseka nkhope inasintha.

"Abambo a Linesi, achimwene anga munawaimika pamaso pa anthu chifukwa cha milimo inayi ya khitchini. Munati munthu azinena yekha zimene walakwa. Lero lafika pa inu, mukuti mukwere ndege?"

"Ine sindinadule mtengo. Ndinadzala."

"Munadzala m'munda mwa eni. Mlandu suola. Mukapita ku Dedza ukutsatirani, ndipo ine ndidzauza achimwene chimene mwathawa. Miyezi isanu imeneyi ndinapezanso mwamuna wanga, woimba m'bafa. Musandilande kachiwiri chifukwa cha manyazi."

Mawu omalizawo ndi amene anandigwetsa.

Kwathu wolakwa sapita kukapepesa chimanjamanja, amanyamula nkhuku. Yamoyo kuno ungaipeze kuti? Ndinakwera basi kupita kumsika wa ku Bilston n'kugula nkhuku yolimba ija ya msuzi wabwino, yosonsola kale, n'kuikulunga bwino. A Tembo anaimbira foni mai Maureen, ndipo tinakumana pamalo oimika magalimoto kunkhalango. Ndinavula chipewa, ndinagwada bondo limodzi pamiyala, n'kupereka nkhuku ndi manja awiri.

Ndinati, "Mayi, mitengo ija ndinadzala ndine. Gulu lisalangidwe. Ngati n'kuchotsedwa, ndichotsedwe ine."

Anayang'ana ine, anayang'ana nkhuku. A Tembo anandinong'oneza kuti mayiwa sadya nyama chibadwire, chinthu chimene akanatha kundiuza tisanakwere galimoto. Koma mai Maureen anailandira ndi manja awiri monga ndinaperekera, n'kundidzutsa.

Anafunsa, "Chifukwa chiyani, a Kamwendo?"

Ndinawauza zonse. Za nazale, za mapiri ometedwa, za mitsinje imene ndinasambamo ndili mwana koma lero ndi mchenga, za alamu anga ndi nkhwangwa yawo. Anamvetsera osandidula. Kenako anati tiyende. Ananditengera m'kati mwa paini wamkulu, wothithikana, kumene masana kumakhala ngati madzulo. Anati, "Inu mumawerenga mapazi kuposa tonsefe. Ndiwerengereni pano."

Ndinayang'ana pansi. Singano za paini zouma zokhazokha. Panalibe udzu, panalibe ndowe, panalibe phazi.

Tinabwerera ku chidikha chija. Pakati pa mizere yangayo panali mapazi pamwamba pa mapazi, ndowe zatsopano, udzu wodyedwa mpaka pansi, ndi malo ofwanyika pamene nyama zinagona. Ine ndinali nditapondapo nyengo yonse osaona, chifukwa maso anga anali pa maenje.

Anafunsa, "Kwanu gwape mumamupeza kuti?"

Pakamwa panayankha pokha: "M'mphepete mwa dambo, ndi pa lupsa."

Ndinkadziwa, ana inu. Ndinadziwa ndili mnyamata wa agalu. Zaka zonse zimene ndinalondera paini wa ku Dedza sindinakumanemo ndi gwape ngakhale mmodzi, koma sindinadzifunse chifukwa chake. Yunifomu inaphimba zimene mnyamata uja ankadziwa. Mai Maureen anandiuza kuti mwezi womwewo galimoto inagunda gwape wamkazi wa bere pamsewu uja. Anati si chifukwa cha mitengo yanga, inali isanakule, koma zaka zisanu zikanadutsa ikanatseka bwalo lonse, ndipo ambiri akanatsata njira yomweyo. Kwathu nthaka imalira mitengo, pamalo paja imalira dzuwa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Chigamulo chinali chakuti wodzala azule yekha. Lachitatu lotsatira gulu lonse linabwera, wa yunifomu uja analinso pomwepo. Ndinaima pamaso pawo n'kunena mlandu wanga ndi pakamwa panga, monga ndinawachititsira alamu anga. Kenako bambo wa malangizo a chikhodzodzo uja anati wasangalala kumva kuti ndili bwino, ndipo onse anafa ndi chiseko. Anafuna kundithandiza, ine ndinakana. Ndinazula mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chimodzi. Mizu inali itagwira kale, ina inkaduka ndi kulira. Sindinabise, ndinalira nawo. Nditafika pa mtengo womaliza, wa makungwa oyera, wofika m'mapewa, mai Maureen anandigwira dzanja.

Anati, "Uwo usiyeni. Pabwalo pamafunika umodzi woti mbalame zizitera. Ndi wanu."

Chilimwe chikutha, ndinakwanitsa kuwakoka agogo anu aakazi kuti akaone kumene ndimataya masiku anga. Anavala jekete ziwiri n'kumadandaula njira yonse. Tinakhala pa kachitunda kaja m'mawa, mphepo ikuchokera kutsogolo, ndipo ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadikira mpaka tiyi kutha m'fulasiki. Kenako anatulukira agwape, aakazi asanu ndi ana awo, akudya pamene panali mizere yanga. Pambuyo pawo panabwera mwini bwalo, wamphongo uja. Anayenda molunjika ku mtengo wanga, anaununkhiza, anaweramitsa mutu n'kuyamba kukwecha nyanga zake. Anaupinda uku, anaupinda uko, makungwa akuuluka.

Agogo anu anandigwira mkono n'kunong'ona, "Akukuonongerani mtengo, a mlonda. Wenzulo uja ali kuti?"

Ine ndinali kuseka popanda mawu, misozi ikutsika. Ndadzala mitengo yosawerengeka pa moyo wanga, koma sindinaonepo umodzi ukugwira ntchito pamaso panga ngati umenewo. Sunafe. Mawa mukauona, ndi wokhota, wa chipsera mbali imodzi, ndipo anzanga amautchula kuti Kamwendo.

Nkhaniyi inafika ku Dedza ine ndisanaitumize, ndipo mukudziwa amene anaitumiza. Alamu anga a Fulatiyele anaimba foni, akalamba tsopano, mano atha. Anati, "Alamu, ndamva kuti ku Mangalande mukudula mitengo mlungu uliwonse, ndipo boma likukuthokozani." Ndinavomera. Anati, "Chabwino. Ndiye nkhwangwa yanga ija mubweze." Ndinawatumizira yatsopano, ndipo ndinawauza kuti kumeneko adzalebe, chifukwa Dedza si Cannock.

Choncho mawa aliyense wa inu apatsidwa magolovesi, ndipo azula kamtengo kake. Mudzamva chisoni pang'ono, ndipo n'koyenera kuti mumve. Chisoni chimenecho mukachisunge, mudzachifuna tsiku limene mudzapite ku Dedza kukaona mapiri athu. Koma wina ndikamuona akubisa kamtengo m'jekete, ndimugwira, chifukwa njira zonse za wakuba ndikuzidziwa. Mukaona gwape musakuwe, musaloze ndi chala, ndipo mafoni atsale m'galimoto. Mukandiyankha m'Chingerezi chanucho ndimva, koma dzina la nyamayo mulinene m'chathu. Tanena, Mphatso. Gwape. Eya, wakhoza.

Tsopano iwe Takondwa, popeza ndiwe unayamba kuseka, nyamula majombowo ukawabwezere pamalo pake. Pita kuchipinda kwathu, pakona upeza sutikesi yakale yotsekula. Muli khasu, chingwe ndi chipewa chopendekera. Majombo amagona momwemo, matope ndi matope. Agogo anu aakazi, amene salola ngakhale kafumbi pa kapeti yawo, sanadandaulepo n'kamodzi komwe. Amati bola mmenemo musapezekenso malo a malaya.